Kiyi Wosabwezedwa: Mafunso ndi Mayankho pa Mapasiwedi a Admin pa Yunivesite

Pa yunivesite iliyonse pali munthu amene amayenda ndi mtolo wa makiyi m'chiuno. Akamabwera pakhonde mumamudziwira patali ndi kulira kwa makiyiwo. Tsiku limene akupuma pa ntchito, anthu akhoza kuiwala kumugulira mphatso, koma palibe amene amaiwala kumuuza kuti, "Achimwene, makiyi aja muwasiye ku ofesi." Ku dipatimenti ya ICT kulinso makiyi, koma osalira. Munthu akhoza kuwalemba papepala n'kuwapereka ndi manja awiri, komabe n'kupita nawo kwawo ali m'mutu. Mafunso ali m'munsiwa ndi okhudza makiyi amenewo.

Kodi akaunti yamphamvu imasiyana bwanji ndi imene ndimagwiritsa ntchito ine tsiku ndi tsiku?

Akaunti ya wophunzira imatsegula chipinda chake chokha: imelo yake, zotsatira za mayeso ake, ngongole yake ya fizi. Akaunti yamphamvu ndi imene ingapange maakaunti ena, kuwatseka, kuwerenga za wina aliyense, kenako n'kusesa mapazi ake pochoka. Pa makompyuta a Linux dzina lake ndi root. Pa Windows ndi Administrator, ndipo pamwamba pake pali kagulu kotchedwa Domain Admins, kolamulira Active Directory, yemwe ndi kaundula wamkulu wa anthu ndi makompyuta onse a pasukulupo. A ICT akamacheza satchula zonsezi, amangoti "ya admin".

Koma musaganize za maseva okha. Pali pasiwedi ya database ya magiredi, ya malipiro a ogwira ntchito, ya rauta yolowetsa intaneti pasukulupo, ya makamera a pageti, ngakhalenso ya printa yaikulu ya ku ofesi ya mayeso, imene mapepala a mafunso amadutsamo asanafike m'manja mwa ophunzira. Palinso maakaunti opanda mwini wopuma mpweya, amene mapulogalamu amagwiritsa ntchito polankhulana okhaokha usiku anthu atagona. Awa ndi amene amavuta kwambiri, ndipo tiwabwereranso.

Amalawi sitifunika kuphunzitsidwa kuopsa kwa mphamvu yotereyi. Pa nkhani ya Cashgate mu 2013, ndalama za boma zinatuluka kudzera mu IFMIS, pulogalamu ya pa kompyuta yoyendetsera ndalama za boma, ndipo zolemba za malipiro ena zinafufutidwa m'kompyutamo. Mlendo wodutsa m'njira sangafufute zolemba zotero. Pamafunika akaunti imene makinawo amaimvera.

N'chifukwa chiyani nkhaniyi imakula pa yunivesite kusiyana ndi pa kampani?

Chifukwa yunivesite inapangidwa kuti ikhale yotsegula. Banki imatha kuletsa aliyense kulumikiza laputopu yake pa netiweki. Yunivesite ikatero ndiye kuti yadzitseka yokha. Chaka chilichonse anthu ambirimbiri amalowa, ena n'kutuluka. Mlendo wochokera ku yunivesite ina amafika n'kulumikiza foni yake pa eduroam, netiweki yogawana ya mayunivesite, asanamwe n'komwe tiyi. Dipatimenti iliyonse imadziona ngati mudzi wokhala ndi mfumu yake, ndipo pansi pa tebulo la mphunzitsi wina pamakhala seva imene inagulidwa ndi ndalama za kafukufuku, yomwe a ICT sanaionepo. Amene anaikhazikitsa anali wophunzira wa chaka chomaliza. Pano ali ku Johannesburg, koma pasiwedi akuikumbukirabe.

Ndiponso ophunzira ndi anthu achidwi, ali ndi nthawi komanso ali ndi chifukwa. Si zachilendo. Pasiwedi ya pa kompyuta inayambira pa yunivesite, ku MIT m'dziko la America, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, pa makina otchedwa CTSS amene Fernando Corbató ankatsogolera. Mu 1962 wophunzira wina wa digiri ya PhD, Allan Scherr, anaona kuti maola 4 amene ankapatsidwa pa mlungu sankamukwanira. Anapeza njira yolamula makinawo kusindikiza fayilo yonse ya mapasiwedi, n'kuyamba kulowa ndi mayina a anzake. Choncho kubedwa kwa mapasiwedi kunabadwira pa khomo lomwelo pamene pasiwedi inabadwira, ndipo wakuba woyambayo sankafuna ndalama. Ankangofuna kumaliza sukulu.

Komatu ndinamva kuti akatswiri masiku ano akuti kusinthasintha pasiwedi n'kopanda phindu. Ndiye tigwire ziti?

Munamva zoona. Kwa zaka zambiri lamulo linali lakuti pakatha masiku 90 aliyense asinthe. Zotsatira zake tonse tikuzidziwa, chifukwa tonse tinachitapo: Chikondi1 imasanduka Chikondi2, kenako Chikondi3, ndipo ikafika potopetsa imalembedwa pa kapepala n'kumatidwa kunsi kwa kiyibodi. Mu 2017 bungwe la boma la America loona za miyezo, la NIST, linasintha malangizo ake n'kunena kuti anthu asamakakamizidwe kusintha pasiwedi potsatira kalendala, pokhapokha pakhale umboni wakuti yabedwa. Chaka chomwecho Bill Burr, amene analemba nawo malangizo akale a 2003, anauza nyuzipepala ya Wall Street Journal kuti ankanong'oneza bondo ndi zambiri zimene analangiza. Mu 2019 Microsoft nayo inachotsa lamulo la masikuli pa malangizo ake a chitetezo cha Windows.

Koma malangizowa akunena za pasiwedi ya munthu mmodzi, imene amaidziwa yekha. Ya admin nthawi zambiri siikhala choncho. Imadziwika ndi anthu atatu kapena asanu, inatumizidwapo pa WhatsApp tsiku limene bwana anali kumaliro ndipo seva inazima, inauzidwa kontilakita amene anadzakonza zinthu chaka chatha. Pasiwedi yotere umboni woti yatuluka ulipo kale, sitichita kudikira wakuba kuti atiuze. Maganizo anga ndi akuti kalendala si imene iyenera kutsogolera. Chotsogolera chikhale funso lakuti: kodi alipo amene akuidziwa pasiwediyi yemwe lero sakuyenera kuidziwa?

Ndiye isinthidwe liti?

Tsiku limene aliyense woidziwa wachoka, wasamutsidwira ku dipatimenti ina kapena waimitsidwa. Tsiku lomwelo, osati Lolemba. Isinthidwenso kontilakita akamaliza ntchito, ikalembedwa pa foni kapena pa imelo, laputopu ya wa ICT ikabedwa m'minibasi, ndiponso pakangokhala chikayikiro chakuti wina walowa. Chipangizo chatsopano chikamatuluka m'katoni, pasiwedi imene chabwera nayo kuchokera kufakitale isinthidwe chisanalumikizidwe, chifukwa mapasiwedi amenewo ali pa intaneti ndipo mwana wa Fomu 2 akhoza kuwapeza.

Kwa maakaunti amene zochitika zotere sizikuwakhudza, ndi bwino kuikabe nthawi, kaya kumapeto kwa semesita iliyonse. Phindu lake lenileni si pasiwedi yatsopanoyo. Ndi lakuti anthu amakhala ozolowera kusintha, ndipo tsiku la ngozi sachita mantha kugwira.

Mantha a chiyani? Si kungolemba yakale kamodzi, yatsopano kawiri, basi?

Kulemba yatsopano kumatenga mphindi imodzi. Chovuta ndi kudziwa malo onse amene yakale inabisala.

Ndinaziphunzira movutikira pa koleji ina imene ndinkathandizako ntchito. Mnzathu wina atachoka, tinagwirizana kusintha pasiwedi ya akaunti imene mapulogalamu ankagwiritsa ntchito. Tinasintha Lachinayi masana. Tinayesa potalo ya ophunzira, inatsegula. Lachisanu zonse zinali bwino, ndipo tinaweruka tikudziyamikira. Lamlungu usiku magetsi anathima, jenereta inachedwa kuyaka, mabatire a m'chipinda cha maseva n'kutha. Lolemba m'mawa maseva onse anayaka, timagetsi tobiriwira tikuphethira bwinobwino, koma potalo inakana. Unali mlungu wa kalembera. Pofika 9 koloko mzere wa ophunzira unali utatuluka pakhomo la ofesi mpaka pansi pa mtengo wa mango, ndipo foni ya pa tebulo langa sinkapuma.

Chimene sitinkadziwa n'chakuti mapulogalamu ambiri amafunsa pasiwedi pamene akuyaka pokha. Kuyambira Lachinayi potaloyo inkayendabe ndi chilolezo chimene inalandira kale. Itazima n'kuyakanso inapereka pasiwedi yakale, n'kukanidwa. Choipa kwambiri, panali kapulogalamu kena kokopera mafayilo, kolembedwa zaka zingapo m'mbuyomo ndi munthu amene palibe ankamukumbukira, kamene kanali ndi pasiwedi yakaleyo m'mimba mwake. Magetsi atabwera kanayamba kugogoda mobwerezabwereza ndi kiyi wolakwika, ndipo Windows, poganiza kuti ndi wakuba, inkatseka akauntiyo. Ife tikatsegula, iko n'kutseketsanso. Tinakapeza dzuwa litapendeka.

Choncho ntchito imayamba ndi ndandanda, osati ndi kiyibodi: akauntiyi imagwiritsidwa ntchito ndi mapulogalamu ati, pa maseva ati, m'mafayilo ati. Zolemba za seva zimaonetsa makompyuta amene akhala akulowa ndi dzina limenelo, ndipo ndi bwino kuziwerenga kwa milungu ingapo musanagwire kanthu. Mukasintha, zimitsani pulogalamuyo dala n'kuiyatsanso inu mulipo, musadikire kuti magetsi akuyesereni. Ngati mukusintha ya root, siyani windo limodzi muli mkati, muyese yatsopanoyo pa windo lina, kuti mukalakwitsa musadzitsekere panja. Ndipo Lachisanu madzulo, mlungu wa mayeso ndi mlungu wa kalembera si nthawi yake, pokhapokha nyumba ikuyaka.

Pa Windows pali njira yothetseratu vutoli pa mapulogalamu amene amailola. Kuyambira pa Windows Server 2012 pali maakaunti otchedwa gMSA, amene makina amadzisinthira okha pasiwedi pakatha masiku 30 aliwonse. Pasiwediyo ndi yaitali moti munthu sangaiwerenge, ndipo palibe amene amaidziwa. Wochoka ntchito sangapite ndi chimene sanachionepo.

Nanga makompyuta a m'malabu? Athu ndi mazanamazana, ndipo onse ali ndi pasiwedi imodzi ya Administrator.

Ndi mmene zimakhalira m'malo ambiri, chifukwa makompyuta onsewo amakopedwa kuchokera ku imodzi. Vuto ndi lakuti Windows imasunga chidindo cha pasiwedi, chimene amati hash, pa kompyuta iliyonse. Wophunzira wochenjera akakhala yekha m'labu madzulo akhoza kuchotsa chidindocho pa kompyuta imodzi, ndipo safunikanso kudziwa pasiwedi yeniyeni. Chidindo chomwecho chimamutsegulira ena onse amene pasiwedi yawo ndi yofanana. Ngati kompyuta ya mlembi wa mkulu wa dipatimenti inakopedwanso kuchokera komweko, ndiye kuti wafika.

Mankhwala ake ndi aulere. Microsoft inatulutsa LAPS mu 2015, ndipo kuyambira mu Epulo 2023 imabwera ili kale m'kati mwa Windows. Imapatsa kompyuta iliyonse pasiwedi yakeyake, imaisintha yokha, n'kuisunga m'kaundula wamkulu uja momwe wa ICT wololedwa angaiwerenge akaifuna. Pa zonse zimene zili m'nkhani ino, ichi ndiye chotsika mtengo ndipo chimatseka khomo lalikulu.

Ngati akuba alowa kale, kodi kusintha pasiwedi kumawathamangitsa?

Osati nthawi zonse, ndipo apa ndi pamene anthu amadzinamiza. Kusintha loko sikutulutsa mbala imene yabisala kudenga.

Onani zimene zinachitika ku Maastricht University ku Netherlands. Pa 15 ndi 16 Okutobala 2019, maimelo achinyengo anatsegulidwa pa makompyuta awiri. Akubawo sanachite phuma. Anayenda pang'onopang'ono kuchoka pa seva ina kupita pa ina, ndipo pa 21 Novembala anali atapeza mphamvu zonse za admin. Anadikirabe mwezi wina. Pa 23 Disembala, anthu atapita ku Khirisimasi, anamanga maseva 267 a Windows, kuphatikizapo ena osungira makope a mafayilo. Yunivesiteyo inalipira ma bitcoin 30, pafupifupi mayuro 200,000. Kwa miyezi iwiri yathunthu alendowo ankadya m'nyumbamo eni ake osadziwa, ndipo munthu wokhala nthawi yaitali choncho amadzipangira makomo ake otulukira ndi olowera.

Makomo amenewo ndi osiyanasiyana. Amapanga akaunti yatsopano ya dzina looneka ngati la pulogalamu. Pa Linux amaika kiyi wawo wa SSH, wolowera pa seva ali kutali, m'fayilo ya makiyi ololedwa, ndipo kiyi ameneyu safunsa pasiwedi, moti mukhoza kusintha ya root kakhumi iye n'kumalowabe. Pa Windows pali akaunti yobisika yotchedwa krbtgt, imene imadinda matikiti olowera a anthu onse pa njira ya Kerberos, yomwenso inapangidwa ku MIT m'zaka za m'ma 1980. Wakuba akaba chinsinsi cha krbtgt amakhala ngati waba chidindo cha kwa mfumu: amadzilembera yekha chikalata chilichonse, m'dzina la aliyense.

Akaunti imeneyi ili ndi khalidwe limene limakola ambiri. Imakumbukira pasiwedi yamakono ndi ya m'mbuyo mwake, choncho kuisintha kamodzi sikupha matikiti abodza. Iyenera kusinthidwa kawiri. Pa nthawi ya mtendere, pakati pa kusintha koyamba ndi kwachiwiri pamafunika padutse maola osachepera 10, omwe ndi moyo wa tikiti ngati simunasinthe zimene Windows inaikiratu. Mukasintha kawiri motsatizana, matikiti a anthu onse amafa nthawi imodzi ndipo sukulu yonse imadzidzimuka. Pa nthawi ya nkhondo ena amasankha dala kutero. Koma choyamba n'kupeza pamene mbala yakhala, chifukwa mukalemba pasiwedi yatsopano pa kompyuta imene iye akuionera, mwamupatsa kiyi watsopano asanapemphe.

Zikafika poipa, kodi n'zotheka kusinthira sukulu yonse?

N'zotheka, koma n'zowawa. Mu Disembala 2019 yemweyo, yunivesite ya Giessen ku Germany inazimitsa makina ake itagwidwa ndi pulogalamu yoipa. Maakaunti pafupifupi 38,000 anafunika mapasiwedi atsopano. Kuwatumiza pa imelo sikukanatheka, imeloyo ndi imene inali yotsekedwa. Ophunzira ndi aphunzitsi anaima pa mizere m'nyengo yozizira, aliyense ndi chiphaso chake m'manja, kukalandira pasiwedi yolembedwa papepala, ngati mmene tinkaimira polandira makuponi.

Pasiwedi yatsopanoyo ikhale yotani, ndipo isungidwe kuti?

Ikhale yaitali, yosagwiritsidwa ntchito kwina kulikonse, ndipo ngati n'kotheka aisankhe ndi makina, osati munthu. Malangizo a NIST a 2025 amati pasiwedi yoima payokha isachepere zilembo 15. Ya admin ipitirire apo. Dzina la yunivesite lotsatana ndi chaka ndi kachizindikiro kumapeto si pasiwedi, ndi moni. Imene munthu ayenera kuiloweza ipangidwe ndi mawu asanu kapena asanu ndi limodzi osagwirizana. Mwambi wodziwika kapena vesi la pamtima musatenge.

Yosungira ikhale pulogalamu yopangidwira zimenezo, monga KeePass kapena Bitwarden, osati fayilo ya Excel yotchedwa "mapasiwedi" pa desikitopu ya bwana. Ndipo pasiwedi yokha isakwane kutsegula akaunti ya admin. Pakhale chachiwiri, kaya pulogalamu ya pa foni yotulutsa manambala kapena kakiyi kobaya pa USB ngati YubiKey. Nambala yobwera pa SMS imaposa kukhala opanda kanthu, koma aliyense amene anamvapo za anthu oberedwa nambala ya foni n'kutapidwa ndalama za m'foni akudziwa malire ake.

Chabwino koposa n'kuchepetsa mapasiwedi ogawana. Wa ICT aliyense akhale ndi maakaunti awiri a dzina lake: ina yowerengera imelo, ina ya ntchito za admin zokha. Pa Linux alowe ndi dzina lake n'kugwiritsa ntchito sudo, imene imalemba amene wachita chinthu ndi nthawi yake. Zikatero munthu akachoka mumangotseka akaunti yake, osasokoneza anzake.

Si bwino kuti munthu mmodzi yekha wodalirika ndi amene azidziwa?

Mutu umodzi susenza denga, ndipo pano mwambiwu ndi woona ndithu. Munthu amadwala, amachita ngozi, amakwiya. Mu Julayi 2008 Terry Childs, injiniya amene ankayang'anira netiweki ya mzinda wa San Francisco, anakana kupereka mapasiwedi kwa mabwana ake. Anamangidwa, koma anakanabe kwa masiku angapo, mpaka meya wa mzindawo, Gavin Newsom, anapita yekha kundende kukawalandira. Netiweki inkayenda bwinobwino masiku onsewo, koma eni ake sakanatha kusintha kanthu.

Njira yachikale ikugwirabe ntchito. Pasiwedi ya akaunti ya admin yosungira tsiku la ngozi ilembedwe papepala, iikidwe mu envelopu yomata, anthu awiri asaine pa chomatiracho, ndipo isungidwe mu sefa ya ofesi ina yosakhala ya ICT. Envelopuyo ikangotsegulidwa, pasiwediyo yatha ntchito: isinthidwe, ndipo yatsopano imatidwenso. Ingokumbukirani kuti tsiku limene mwasintha pa makina musinthenso ya mu sefa. Envelopu yosunga pasiwedi ya chaka chatha imangopatsa anthu mtima pachabe.

Koma amene akuchokayu wagwira nafe ntchito zaka 20 mokhulupirika. Kusintha mapasiwedi tsiku lomwelo si kumunyoza?

Ili ndiye funso limene limalepheretsa zambiri kwathu kuno, kuposa kusowa kwa ndalama kapena luso. Timachita manyazi. Mnyamata amene waphunzitsidwa ntchito ndi bambo ameneyu angayambe bwanji kumutsekera kunja, phwando lotsanzikana lisanachitike? Ndiye zimasiyidwa mpaka mwezi wamawa, ndipo mwezi wamawawo sufika. Nthawi zinanso timazisiya dala, kuti zikavuta tidzawaimbire, "Bwana, tatithandizani, mulowe muli komweko."

Taganizirani mbali ya wochokayo. Patatha miyezi itatu kwapezeka kuti magiredi a ophunzira ena asinthidwa usiku ndi akaunti ya admin. Ofufuza adzalemba mayina a onse odziwa pasiwediyo, ndipo dzina la bambo wokhulupirika uja lidzakhalapo, iye ali kumudzi kulima chimanga. Sangathe kutsimikizira aliyense kuti anaiiwala. Ndipo ngati laputopu yake ya kunyumba, imene adzukulu amaseweretsa, ili ndi pasiwediyo, ndiye kuti khomo la yunivesite lili pa tebulo la pabalaza.

N'chifukwa chake m'malo amene zinthu zimayenda bwino zimenezi zimalembedwa m'malamulo a ntchito, zofanana kwa aliyense, kuti pasakhale wosankha amene akukayikiridwa. Wochokayo ndi wolowa m'malo amakhala pansi limodzi ndi ndandanda ija. Amadutsa akaunti imodziimodzi, wochokayo akutchula malo amene pasiwedi iliyonse inabisala, chifukwa ndi iye yekha amene akukumbukira kapulogalamu ka usiku kaja. Wotsalayo amalemba yatsopano mnzakeyo atayang'ana kumbali. Pomaliza wochokayo amayesa kulowa ndi yakale, makina n'kumukana, ndipo onse awiri amasaina pepala lokhala ndi tsiku ndi ola. Kope limodzi limapita m'fayilo ya ku ofesi, lina amapita nalo kwawo.